Vani yanga yakhalira kumbuyo chifukwa cha chimanga: ndiwonjezere mabuledi a sipuling'i?

Mlimi_wa_Chipangali analemba:

Akuluakulu ndi amayi a pano, odi. Safunsa anadya phula, ndiye ndibwere nalo vuto la motoka yanga lisanandidyere ndalama zina.

Ndili ndi Hilux ya single cab, ya 2003, injini ya 5L, yokoka ndi mawilo akumbuyo okha. Ndinaigula yakale zaka zinayi zapitazo nditagulitsa soya ndi ng'ombe ziwiri. Injini sinandivutepo, imeneyo ndiiyamikire. Kuyambira Julayi mpaka Seputembala ndimatuta chimanga cha anthu a midzi yozungulira kuno kupita nacho kudepoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, nthawi zina mpaka ku tauni ku Chipata ngati mwini wake wapeza wogula. Ndimalipiritsa pa saka, ndiye mukudziwa kale kumene mtima umakokera. Chaka choyamba ndinkakweza masaka 25. Kenako ndinawotcheretsa zitsulo zam'mbali zija zofika pamwamba pa kebu, ndipo kuchokera pamenepo nambala yanga inakhala 35. Tsiku limodzi lokha ndinafika 40, chifukwa masaka asanu a mayi wina wamasiye akanagona pamsewu dzuwa litalowa kale.

Tsopano motoka ikaima pabwalo yopanda kanthu, kumbuyo kumanzere kwatsika. Ndinayeza, kusiyana ndi kumanja ndi zala zitatu. Ikakhala ndi katundu, pa hampu iliyonse kumbuyo kumamveka "gu!" ngati wina wamenya chesisi ndi hamala, ngakhale ndidutse mokwawa bwanji. Usiku amene ndikukumana nawo amandithwanimitsira magetsi ngati ndayatsa aakulu, pomwe ndili pa aang'ono. Sabata yatha tayala lakumbuyo kumanzere linaphulika pa msewu wa Lundazi, tayala la miyezi isanu ndi iwiri yokha. Koma chandiopsa ndi cha dzulo. Mlamu wanga ankanditsatira pa njinga yamoto, ndipo akuti vani ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, thako likuthawira kumanzere. Nditaganiza bwino, chiwongolero nachonso chasiya kukhala pakati.

Mnyamata amene anandiwotcherera zitsulo akuti ali ndi mabuledi a sipuling'i ya lole yaing'ono ya Canter, awadule aike awiri mbali iliyonse, vani izinyamula ngakhale 45 osagwada. Mnzanga wina akuti ayi, ndi mashoko atha basi. Novembala ali pafupi, anthu ayamba kale kundifunsa za fataleza. Ndimvere uti?

Sipanala_19 analemba:

Akulu, ndiyambe ndi chachangu: vani imeneyo musaikwezenso ngakhale saka imodzi mpaka munthu atalowa pansi pake. Kuyenda ngati nkhanu si kutopa kwa sipuling'i chabe. Mabuledi onse amamangidwa pamodzi ndi boti imodzi yapakati, senta boti, ndipo mutu wake umakhala m'kabowo ka pa difu, chitsulo chopingasa chogwira mawilo akumbuyo, kuti difu ikhale pamalo ake enieni. Zogwira zenizeni ndi ma U-bolt, maboti opindika ngati U omanga sipuling'i ku difu, senta boti imangoloza malo. Ma U-bolt akamasuka, mabuledi amayamba kusewerasewera, senta boti imadulidwa ngati ndi sizasi, ndipo difu imatsetserekera kumbuyo mbali imodzi. Mutha kutsimikiza nokha pakhomo. Imitsani motoka posalala mawilo akutsogolo atawongoka, tengani chingwe, yezani kuchokera pakati pa wilo lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Mbali imodzi ikatalika, nkhani ndi imeneyo. Difu ikapitiriza kusuntha imakoka paipi ya mabuleki ndi chingwe cha handibuleki, ndipo shafuti yopita ku difu itha kusolokoka m'giyabokosi muli pa liwiro.

Tibwere ku masamu, chifukwa ndi amene alodza vani yanu. Saka imodzi ndi 50 kg. Masaka 35 ndi 1,750 kg. Tsiku la amayi amasiye lija munanyamula matani awiri ndendende. Hilux ya mtundu umenewo anaipanga kuti izinyamula cha m'ma tani imodzi, ndipo m'tani imeneyo mulinso inuyo, anyamata okweza masaka, chigubu cha dizilo, ndi zitsulo zija munawotcheretsa. Mukachotsa zonsezo, masaka anu ndi 17 kapena 18. Musatengere pakamwa panga. Pa motoka zambiri pali kachitsulo ka manambala, pa mphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti, ndipo mu white book alembamonso. GVM ndi kulemera kwa motoka pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Chotsanipo kulemera kwa motoka yopanda kanthu, chotsalacho ndicho katundu wanu.

Sipuling'i ya vani ili ngati uta. Buledi yapamwamba, meni buledi, ili ndi maso awiri: lakutsogolo lamangidwa ku chesisi, lakumbuyo lili pa shako imene imagwedera, chifukwa uta ukamawongoka umatalika. Pansi penipeni pali buledi yonenepa, yoongoka, imene sigwira ntchito motoka ikakhala yopanda kanthu, imadikira katundu. Chitsulo cha sipuling'i chimabwerera ngati mwachipinda mosapyola malire ake. Mukapyola, chimabwerera koma osafika pomwe chinali, ulendo uliwonse chimataya pang'ono, mpaka ndi zala zitatu mukuonazo. Ndi masaka 35 uta uja wawongoka kale musanalize injini, mwina wapindikira chadodolido, ndipo difu yakhala pa kamphira kaja ka pa chesisi. Kamphira kameneko ntchito yake ndi kulandira nkhonya imodziimodzi pa dzenje lalikulu, osati kusenza chimanga kuchokera ku Chipangali mpaka ku Chipata. Difu ikakhala pamenepo, sipuling'i palibenso. Dzenje lililonse limapita lonse ku tayala, ku beringi ndi ku chesisi. "Gu!" mukumvayo ndi ameneyo, ndipo ndikukayika ngati kamphirako kalipobe.

Chifukwa chake kumanzere? Timayenda kumanzere, msewu anaupendeketsera kumbali kuti madzi azitsika, ndiye katundu wautali amatsamira komweko. Ndipo popatukirana ndi malole, mawilo akumanzere ndi amene amagwa m'mphepete modyeka mwa tala. Pa masipuling'i othyoka amene amabwera pagalaja pano, ambiri ndi a kumanzere.

Mnzanu wa mashoko uja wanena theka. Shoko sisenza katundu. Mutachotsa onse awiri vani idzaima msinkhu womwewo. Ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha, ndipo pa msewu wa mizeremizere ngati malata, katundu ali pamwamba, mafuta ake amatentha mpaka silo, kamphira kotsekera mafuta, kuphulika. Ndiye mashoko anu atha ndithu, yang'anani ngati anyowa mafuta ndi kumata fumbi, koma atsopano sadzakweza thako ngakhale chala chimodzi.

Magetsi aja ndi umboni woti mphuno yadzuka. Kutsogolo kwa vani yanu kuli ma torsion bar, zitsulo zogwira ntchito ya sipuling'i, alibe vuto, angopepukidwa. Koma mawilo akutsogolo ndi amene amakhota ndi kugwira mabuleki kwambiri, ndipo akapepukidwa sagwira nthaka. Munamvapo chiwongolero chikupepuka ngati cha njinga? Musachikondwerere.

Mukalowa pansi muyang'anenso fumbi lofiira la dzimbiri lotuluka pakati pa mabuledi pafupi ndi ma U-bolt, mabushi a m'maso ngati adyeka mpaka chitsulo kukhudza chitsulo, ndi ming'alu pomwe mahang'ala, zitsulo zokolekapo sipuling'i, agwira chesisi. Za mabuledi a Canter, muuzeni mnyamatayo awasunge.

Mfana_wa_Down_Shops analemba:

Mudala, ine ndisiyane pang'ono ndi a Sipanala, andikhululukire. Manambala a pa kachitsulo analembera anthu a ku Japan amene amanyamula mabokosi awiri pa tala wosalala. Manje kuno masaka 18 pa ulendo, dizilo mtengo uli pamenepa, mnyamata wokweza afuna zake, mwatsala ndi chiyani? Bola kungoimika motoka nkumakaweta nkhuku.

Yanga ndi Hardbody. Ndinaika mabuledi awiri mbali iliyonse chaka chija ndinaigula, ndipo ndimanyamula mapoketi 30 a simenti kuchoka ku Down Shops kupita kumapuloti tsiku ndi tsiku. Zaka ziwiri tsopano, sipuling'i sinathyokepo. Ikakhala yopanda kanthu imaima ngati tambala, thako m'mwamba, ikanyamula imakhala levo bwinobwino, apolisi samaiyang'ana n'komwe. Pitani pa Saturday Market muwerenge mavani angati ali ndi masipuling'i a kufakitale. Onse anawonjezera. Pa Nc'wala mavani omwewo amakweza anthu ku Mtenguleni mpaka ena kulendewera, ndipo amabwerako.

Vuto lake chabe ndi lakuti yopanda katundu imadumpha ngati bulu, madamu anakana kukweramo ali ndi pakati. Ndimasiya mabuloko asanu kumbuyo kuti ikhazikike. Ikani mabuledi mudala, ntchito ipite.

Sipanala_19 analemba:

Mphwanga, za dizilo wanena zoona, sindikutsutsa. Koma yankha pamaso pa anthu: pa zaka ziwirizo maberingi akumbuyo wasintha kangati, ndipo matayala angati atupa m'mbali? Komanso iwe umayenda makilomita ochepa m'tauni pa giya yachitatu. Akuluwa akuyenda mtunda wautali, theka lake fumbi ndi mitsinje youma.

Kuwonjezera buledi sindikana konse. Ndimaika ndekha. Munthu amene vani yake imakhala ndi katundu wofika pa tani masiku onse, buledi imodzi ya m'lifupi ndi makulidwe ofanana ndi zinzake, senta boti yotalikirapo ndi ma U-bolt atsopano, imamuthandiza kuti difu isamamenye kamphira. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti buledi yasandutsa vani kukhala lole. Kugwada kwa thako ndi pakamwa pa motoka, ndi pomwe imakuuzirani kuti yalemedwa. Mukaika mabuledi mwaitseka pakamwa, kulemera kuli pomwepo, kwangopita kwa ena amene sanena kanthu mpaka tsiku lomwe afa.

Woyamba ndi tayala. Akulu, werengani m'mbali mwa matayala anu. Vani zimenezo zambiri zimavala 195R14C, ndipo pambuyo pake pamalembedwa 106/104. Nambala 106 ikutanthauza 950 kg pa tayala limodzi, ndipo zimenezo ndi pamene mwalipopa mpweya wokwana umene alemba pomwepo, pa ambiri 450 kPa kapena 65 psi. Awiri akumbuyo ndi 1,900 kg. Thako la vani lopanda kanthu limalemera kale kupitirira theka la tani. Ikanipo 1,750 kg amene pafupifupi onse akugwera kumbuyo, mwapyola kale, ndipo ngati mumapopa mpweya wa motoka yopanda katundu mwapyola kutali. Tayala lolemedwa limapindikapindika m'mbali, limatentha, nsalu zake zimalekana ndi mphira. Lanu la pa msewu wa Lundazi silinaphulike ndi msomali. Choipa china, ena amagula matayala a kaunjika a motoka zazing'ono, opanda C, chifukwa ndi otchipa.

Wachiwiri ndi beringi. Onani wilo lakumbuyo la Canter kapena Land Cruiser 79: pakati pali chimutu chotuluka chokhala ndi maboti. Pamenepo katundu akukhala pa chubu cha difu kudzera m'maberingi awiri, shafuti ntchito yake ndi kuzungulitsa basi. Pa Hilux ndi Hardbody si choncho. Wilo lamangidwa pa shafuti yeniyeniyo, ndipo mbali iliyonse yatsamira pa beringi ya kunsonga. Shafuti yomweyo ikuzungulitsa, yomweyo ikusenza. Beringi ikayamba kudyeka silo imatulutsa mafuta a difu, amanyowetsa mashuzi a mabuleki. Ikafa yonse, wilo limatuluka pamodzi ndi shafuti ndi dilamu yake. Ndinakatolapo yotero kufupi ndi Mtenguleni, inanyamula mchenga wa kumtsinje wonyowa, ndipo mchenga wodzaza bodi ndi wolemera kuposa chimanga.

Chachitatu ambiri sachidziwa. Pa vani zakale zopanda ABS, pamwamba pa difu pali kavalavu ka mabuleki komangidwa ku chesisi, kali ndi kandodo kopita ku difu. Thako likatsika, kandodo kamauza valavu kuti motoka yalemera, mabuleki akumbuyo apatsidwe mphamvu zambiri. Likakhala m'mwamba, valavu imachepetsa kuti mawilo asakwekwereze. Tsono iwe mphwanga waika mabuledi awiri, wanyamula mapoketi 30, vani ili levo. Valavu ikuona ngati wanyamula katundu wochepa. Tani ndi theka ikuimitsidwa kwambiri ndi mabuleki akutsogolo. Amene anakuikira mabuledi anasintha kandodo kaja? Kagwade ukaone.

Mabuledi a Canter ndi otakata ndi onenepa, salowa bwino pakati pa ma U-bolt a Hilux. Kuti alowe amawadula ndi moto kapena kuwapala, kuboola bowo lina, ndipo moto umapha chitsulo cha sipuling'i. Ndi chifukwa chomwecho buledi yothyoka siwotchereredwa, imathyokanso pambali pa chilonda. Sipuling'i ikauma kwambiri, chofewa chotsatira ndi chesisi.

Mayi_wa_Nshawa_Katete analemba:

A Sipanala mwatchula chesisi, ndiye ndilowepo, chifukwa ine ndinalipira sukulu imeneyo.

Ndimagula nshawa ndi soya m'midzi ya ku Katete ndi Chadiza. Tinali ndi double cab, ndipo bambo a kwathu anaiikira mabuledi owonjezera monga akunenera mwanayu. Masaka sitinkakweza ambiri ngati a ku Chipangali, 20 kapena 22, chifukwa bodi ya double cab ndi yaifupi. Kuti akwane tinkatsegula chitseko chakumbuyo nkusanja ena pamenepo, kumanga ndi chingwe. Tsiku lina tikutuluka pa kamtsinje kouma, tinamva ngati nthambi yathyoka. Motoka inayendabe. Titafika kunyumba mwana wanga ndi amene anati, amama, bwanji pakati pa kebu ndi bodi patseguka pamwamba ngati kamwa la ng'ona? Chesisi inali itapindika mbali zonse ziwiri, kuseri kwa kebu.

Amene anaiwongola anandijambulira pansi ndi kamtengo, ndipo sindinaiwale. Pa single cab difu ili chapakati pa bodi. Pa double cab mipando yakumbuyo inadya malo, ndiye gawo lalikulu la bodi lili kumbuyo kwa difu. Pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita pafupifupi 3. Mukaika masaka 6, amene ndi 300 kg, mita imodzi kumbuyo kwa difu, difu simva 300, imamva 400, ndipo 100 yowonjezerayo yachotsedwa ku mawilo akutsogolo. Zili ngati ana awiri akusewera pa thabwa lotsamira pa chitsa. Injini ikukokera pansi kutsogolo, masaka akukokera pansi kumbuyo, chesisi ili pakati. Pa dzenje kulemera kumeneko kumabwera ndi nkhonya.

Anaiwongola, anaikamo zitsulo, koma sinayendenso mowongoka ndipo matayala inkadya mbali imodzi. Tinaigulitsa motchipa kwa munthu amene tinamuuza zoona.

Ndiye alongosi a ku Chipangali, kuchuluka kwa masaka ndi nkhani imodzi, pokhala pake ndi ina. Olemera atsamire ku kebu. Anyamata okweza amakonda kuunjika kumbuyo chifukwa ndi pafupi ndi msana wawo, muziimirira pomwepo. Ndipo zitsulo zanu zazitalizo zisungireni nshawa zosasenda ndi thonje, zimene zimadzaza malo koma zopepuka. Ngakhale zimenezo, zikakwera kwambiri motoka imayendera mbali pokhota. Pa Kulamba chaka china ndinaona vani ya anthu oimirira ikupendama pa kona yopita ku Mkaika, wilo limodzi kutsala pang'ono kudzuka, ine mtima unali m'kamwa.

Dalaivala_Wopuma_Petauke analemba:

Ana inu mwanena zambiri zabwino, ine ndingowonjezera za phazi, chifukwa ndayendetsa malole pa Great East Road kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda.

Sipuling'i sithyoka motoka ili chiimire. Masaka omwewo, dzenje lomwelo, wina adutsa pa 20 wina pa 60, amene adzagule buledi ndi wachiwiriyo. Dzenje mumachepetsera liwiro musanalifike, ndiye mumasiya buleki wilo lisanagweremo. Mukalowa mutaponda, mphuno yagwada kale, mwamenyetsa zakutsogolo. Hampu ndi kamtsinje muzilowa mowongoka ngati katundu ndi wamtali, chifukwa kulowa chopingasa kumapotokola chesisi ndi kutayira kulemera konse pa sipuling'i imodzi. Ndipo ponyamuka ndi katundu musamalumphitse kilachi. Difu imafuna kuzungulira chambuyo, imapinda sipuling'i ngati chilembo S, meni buledi imathyokera pafupi ndi diso.

Mukayenda theka la ola, imani, zungulirani motoka, ikani dzanja pa tayala ndi pakati pa wilo. Mbali imene yatentha kuposa inzake ili ndi nkhani. Mpweya muzipima m'mawa matayala ali ozizira, ndipo akatentha panjira musawaphwetse. Ife pa mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa tinkatsika ndi giya imene takwerera. Vani yolemedwa ndi chimodzimodzi, ngakhale pa zitunda za ku Chipata komweko.

Palibe watchula za kukhoma. Alipo amisiri amene amamasula mabuledi nkuwakhoma ndi hamala pa chitsulo cha njanji kuti uta ubwerere. Motoka imadzukadi, mumalipira mukumwetulira. Koma chitsulo chotopa ndi chotopa, ming'alu yaing'ono ili momwemo, ndipo ikangonyamula kangapo imakhalanso pansi. Zimathandiza kufika kumapeto kwa nyengo ngati thumba lauma, osati kupitirira apo. Ndipo masipuling'i amasinthidwa awiriawiri. Mukasintha kumanzere kokha, vani idzapendamira kumanja.

Mwanawe wa ku Down Shops, ukuti apolisi sakuyang'ana. Tsiku la ngozi adzawerenga mapoketi, ndipo a inshuwalansi nawo amadziwa kuchulukitsa ndi 50.

Mwana wanga wa ku Chipangali, nzeru ya ndalama ndi iyi. Midzi yoipa misewu, ngolo za ng'ombe zitulutse chimanga kufika pamsewu wabwino. Pafupi ndi depoti pita kawiri ndi masaka 18, udzathamangako pang'ono ndipo dizilo sikhala kawiri, chifukwa injini yolemedwa imamwa ngati chidakwa ndipo ulendo wobwerera uli wopanda kanthu. Za ku tauni, sonkhanitsa masaka a anthu asanu, itana Canter, iwe udyepo ya kusonkhanitsa.

Mlimi_wa_Chipangali analemba:

Zikomo nonse, asikulu a ku Petauke, amayi a ku Katete, a Sipanala, ndi iwe mphwanga amene unanena zimene mtima wanga unkafuna kumva.

Ndinayeza ndi chingwe, kumanzere kunatalika zala ziwiri. Ndinaiyendetsa yopanda kanthu, pang'onopang'ono, mpaka kwa makanika wa pafupi. Senta boti inali itaduka. Nati imodzi ya U-bolt ndinaizungulitsa ndi zala. Buledi yachiwiri inathyokera pa bowo lapakati, ndipo pothyokapo theka linali ladzimbiri, theka lowala, kusonyeza kuti mng'alu unayamba kalekale ndikuyenda nawo. Kamphira ka kumanzere kulibe, kwatsala chitsulo chopsepsereka chonyezimira. Shoko ya mbali yomweyo ndinaikankha ndi dzanja limodzi, inalowa ngati pampu ya njinga. Titachotsa dilamu tinapeza mashuzi akuda ndi mafuta. Matayala atatu ali ndi C, koma lija linaphulika ndi sipeya yake ndi a motoka yaing'ono, ndinagula kaunjika. Pamenepo ndilibe wonamizira.

Ndagulitsa nkhumba ziwiri. Tagula masipuling'i a mbali zonse, ma U-bolt anayi, mabushi, mashoko, timphira tiwiri, beringi ndi silo ya kumanzere. Buledi ndawonjezera imodzi, ya Hilux inzake, osati ya Canter. Beringi ya kumanja idikira ndalama za chimanga changa.

Dzulo ndinauza anthu kuti fataleza ndizinyamula masaka 20 ndipo mtengo pa saka ukwera pang'ono. Awiri apita kwa mnyamata wina wa vani amene akukweza 40. A mfumu akuti aganizire.

Funso lotsala ndi la kavalavu kaja, a Sipanala. Tinakapeza, koma kandodo kake sikanamangidwe ku difu, wina anakakoka m'mwamba nkukamangirira ku chesisi ndi waya, ndiye kuti ndi mwini wake woyamba. Makanika wa kuno akuti tikasiye choncho chifukwa sakudziwa poyambira. Ndi zoona?

Sipanala_19 analemba:

Ayi akulu, musakasiye. Komangidwa ndi waya valavu imaona kulemera kumodzimodzi masiku onse. Ngati anakamanga pa malo a katundu, vani yopanda kanthu imakwekwereza mawilo akumbuyo mukaponda mwadzidzidzi, makamaka mvula ikayamba, ndipo thako limabwera kutsogolo. Ngati anakamanga pa malo opepuka, masaka onse aja mwakhala mukuimitsa ndi akutsogolo. Pamafunika kachitsulo kake kogwirira pa difu, kamapezeka kwa ogulitsa zida za motoka zophwasulidwa, ndipo popeza mwawonjezera buledi tiyenera kukakweza molingana ndi mmene thako lakwerera. Valavu yeniyeniyo itha kukhala inauma ndi dzimbiri, tidzaona tikaigwedeza.

Ma U-bolt atsopano amamasuka mabuledi akamakhazikika, ndiye muwamangenso mukabwera ulendo woyamba wa katundu, ndiponso pakatha sabata. Loweruka m'mawa ndimakhala pagalaja ku Kapata. Bwerani ndi masaka 10 pamwamba, tikayese mabuleki pa fumbi ili ndi katundu, titsitse, tiyesenso yopanda kanthu. Beringi ya kumanja ija tidzaimvera pomwepo ili pa jeke.